Makhodi Asanu ndi Awiri a Pikapu ya a Mkwanda

Inu amene mumadutsa ku Biwi, kuseri kwa magalaja kumene amawotcherera mageti kuja, mwina munaionapo pikapu yoyera itaima pansi pa mtengo wa keshya, matayala ataphwa, udzu utamera mozungulira. Injini yake ndi yabwinobwino. Ogula zitsulo akhala akuifunsa, koma mwini wake saigulitsa, ndiponso saiyendetsa. Sendererani kuno, ndikuuzeni mmene inafikira pamenepo.

Mwini wakeyo ndi Felesiya Mkwanda, mayi wokonza mawaya a galimoto. Ntchitoyi anakaiphunzira ku koleji, koma anaiyambira pakhomo, akugwirira tochi bambo ake, a Mkwanda, amene anayendetsa pikapu imeneyi zaka zambiri. Mkuluyo sankakhulupirira tepi. Akalumikiza waya, ankadula kachingwe ka mphira ku chubu chakale cha njinga, n'kukulunga, n'kumanga mfundo ziwiri, n'kusiya kamchira. Felesiya atabwera ndi mapepala ake a sukulu ankawaseka bambo akewo. Iwo ankangoti, "Tepi yakoyo imamatuka ikamva dzuwa. Mfundo yanga sinamasukepo."

A Mkwanda anamwalira mu February, mvula ili pachimake. Anali atanena kangapo konse kuti akadzafa akaikidwe kwawo kwa Kamphande, kupitirira Linthipe, pafupi ndi mayi awo. Uthenga utafika kumudziko, mng'ono wawo, a Yotamu, anaitana adzukulu, ndipo manda anakumbidwa. Koma mvula inagwa masiku atatu osakata, mtsinje wa panjira n'kukokolola mlatho. Madziwo anali atatenga kale anthu awiri sabata imeneyo. Kunyumba ya chisoni magetsi ankangothimathima, ndipo thupi linayamba kusintha.

Felesiya ndiye anali woyamba kubadwa, choncho mawu omaliza anali ake. Mlongo wake Lameki anachonderera kuti akayesere kuwolotsa bokosi pamapewa. Iye anakana. Sankafuna kuti maliro amodzi abale ena. Anawaika bambo awo kumanda a m'tauni, ndipo bokosilo linanyamulidwa pa pikapu yawo yomwe.

Palibe anganene kuti analakwa pamenepo. Chimene analakwitsa n'chakuti anaimba foni kumudzi manda atakwiriridwa kale, poopa mkangano. Sankadziwa kuti kutsidya kwa mtsinje kunali amuna khumi, ali ndi zingwe ndi machira, akudikira tsiku lachiwiri pamvula.

A Yotamu anamvetsera mpaka mapeto, kenako anati, "Mwatiuza ngati anthu odutsa."

"Bambo aang'ono, thupi silikanadikira."

"Mwina. Koma ife tinadikira."

Mukudziwa inu kuti dzenje la manda likakumbidwa silisiyidwa kukamwa. Mtembo ukapanda kubwera, amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, kuti dzenjelo lisaitane munthu wina. Felesiya anawakumbutsa zimenezi.

"Nthochi timaika m'malo mwa munthu wotayika," anatero a Yotamu. "Achimwene sanatayike. Munawabisa. Dzenje likhala momwemo mpaka mudzabwere kudzanena nokha pamaso pa anthu anakumbawa."

Felesiya sanapite. Miyezi inadutsa.

Mu July, mwera ukuwomba fumbi m'maso, Lameki anabweretsa pikapu ija kugalaja. Iye ndiye anaitenga bambo atamwalira, n'kumanyamulira anthu katundu. Anatsika atafota, maso ali gwa.

"Asisi, kanyali ka cheki, kochenjeza kaja, kakungoyaka. Injini nthawi zina ikumanjenjemera ngati ili ndi malungo."

Felesiya analumikiza kamakina kake kowerengera matenda a galimoto pansi pa chiwongolero. Kamakinako kakapeza vuto kamalemba nambala, imene amakaniko amaitcha khodi. Nthawi zambiri imatuluka imodzi, mwina ziwiri. Tsiku limenelo anatuluka asanu ndi awiri. Sensa, kachipangizo koyeza mpweya, sensa ya kutentha, ya mafuta, ya liwiro, zonse zikudandaula pamodzi.

A Sikelo, makaniko wa mainjini amene ankagawana naye shedi, anasuzumira n'kuimba likhweru. "Adokotala, wodwala wanuyu ndi wa kumotchale. Uzani abale agule masensa onse, kapena bokosi."

"Simudziwa kanthu inu a magirizi," anayankha Felesiya. "Anthu asanu ndi awiri a nyumba imodzi akadwala m'mimba tsiku limodzi, simugula mankhwala asanu ndi awiri. Mumapita kukaona chitsime chimene amamwa. Masensa onsewa amadyera waya mmodzi. Pali pamene wakhudza chitsulo, kapena efi yachita dzimbiri. Lameki, isiye. Mawa uipeza itachira."

Efi ndi waya wonenepa amene amabweza moto ku batire. Anayambira pamenepo. Anammasula, n'kumpala mpaka kuwala, n'kumanganso. Anayeza mafyuzi onse. Anagwedeza mtolo wa mawaya injini ikulira, kuti amve ngati isinthe mawu. Sinasinthe. Anafufuta makhodi, n'kuliza injini. Onse asanu ndi awiri anabwerera, mwa ndondomeko yomweyo.

Felesiya anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anzake ankachiseka. Galimoto iliyonse yogona pagalaja pake ankailemba mayileji pakakhadi, n'kumasula waya wa batire asanaweruke, kuti mwini wake asadzati anyamata anayendera. Anachita chimodzimodzi, n'kupita kwawo ndi makiyi m'thumba.

M'mawa mwake anapeza pikapu pomwe anaisiya, waya wa batire ali lende monga anamsiyira. Atamanga n'kuyatsa, anayang'ana kakhadi, n'kuyang'ananso dashibodi. Panali pataonjezekera makilomita 18.

"Mwina munalemba molakwika," anatero a Sikelo. "Ukalamba umayambira m'maso."

Felesiya anagwada n'kukhudza tayala. Linali ndi matope ofiira, onyowa. Ku Biwi kunali kusanagwe dontho kuyambira April, ndipo dothi la kumeneko ndi lakuda ndi oilo.

A Sikelo anasiya kuseka. Kenako anati, "Alonda a masiku ano. Wina ali ndi kiyi wachiwiri."

Zinali zomveka, ndipo Felesiya anazigwiritsitsa. Tsiku lonselo anasenda mtolo wa mawaya kuyambira ku injini, akutsata waya mmodzimmodzi ndi mita yake yoyezera moto, kufuna pamene mbewa yaluma kapena pamene chitsulo chadya. Sanapeze. Poweruka anakweza pikapu pamiyala, nagulula tayala lakutsogolo, n'kulitsamiritsa kukhoma m'kati mwa shedi yokiyidwa.

Kutacha, anapeza makilomita ena 40. Matayala atatu anali ndi matope. Atatsekula shedi, lachinayi lija linali pomwepo kukhoma, nalonso lili ndi matope, madzi ofiira atayenderera pansi.

A Sikelo tsiku limenelo anakagwirira ntchito yawo panja, kutali ndi pikapu. Sananene chifukwa.

Chakumasana, Felesiya ali chagada pansi pa dashibodi, miyendo ili kunja, anamva indiketa ikugunda. Thi, thi, thi. Kiyi anali m'thumba mwake. Anadzuka n'kuona kamuvi ka kumanzere kakuphethira. Pomwepo anazindikira kuti pali munthu waima pakhomo la galimoto.

Anali bambo wachikulire, wovala jekete lakutha, khasu lili paphewa. Mapazi ake anali ofiira mpaka m'akakolo. Nkhope yake Felesiya sakuikumbuka, ngakhale anaiyang'ana.

"Mayi, galimoto ya a Mkwanda yatha?"

"Sinathe. Ndinu ndani, bambo?"

"Tatopatu ife," anatero munthuyo mofatsa, ngati wopepesa. "Madzi tikungokapa."

Anatembenuka n'kumapita chakugeti. Indiketa inasiya. Felesiya anafuula kwa a Sikelo kuti amuimitse munthuyo.

"Munthu uti?"

"Wa khasu. Wangochoka pano."

"Ine ndimayesa mukuyankhula pafoni," anatero a Sikelo. Anapukuta manja nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi Mkwanda, ine si wa mawaya. Koma galimoto imeneyi inanyamula maliro. Munaisambitsa?"

"Ndinaitsuka ndi sopo."

"Sindikunena sopo."

Felesiya anabwerera pansi pa dashibodi, natsata waya wa indiketa ya kumanzere ndi chala. Kuseri kwa kabokosi ka kompyuta ya galimoto anakhudza chinthu chofewa. Anawalitsa tochi. Panali kawaya kofiirira, kopyapyala, kamene kanalibe pa chithunzi cha mawaya a pikapu imeneyo. Kanachoka pa waya wodyetsa masensa onse, n'kukalowa pa waya wa indiketa. Polumikiza pake panali pokulungidwa ndi mphira ya chubu. Mfundo ziwiri. Kamchira.

Mwina mungati inali ntchito yakale ya malemu. Iyenso anafuna kutero. Koma malo amenewo anawakonza yekha chaka chathachi, n'kuchotsa mphira zonse za bambo ake. Ndipo mphira iyi inali yatsopano, modula mwake mukadali mbee.

Komabe waya ndi waya. Vuto linali litapezeka: moto wa indiketa unkalowerera kwa masensa, onse n'kumalira. Anadula kawayako, namata tepi, nafufuta makhodi. Injini inalira bwino. Kanyali kanazima. Anakhala pampando wa dalaivala akumvetsera, mtima ukutsika pang'onopang'ono.

M'mawa wa Lachisanu anapeza makilomita ena 63, kanyali kakuyaka, kawaya katabwerera pamalo pake ndi mfundo zake ziwiri. Tepi yake inali itamatulidwa bwinobwino, n'kuikidwa pampando.

Lameki anabwera dzuwa litapendeka. Anakhala pa chitini cha oilo, manja ali pakati pa mawondo.

"Asisi, pali zimene sindinakuuzeni. Sabata yatha ndimapita ku Kanengo. Ndinadzidzimuka ndili kupitirira Nathenje, njira ya ku Dedza. Sindikudziwa kuti ndinakhota liti. M'galimoto mumanunkha fodya wa abambo."

"Ekizozi ikabooka, utsi umalowa m'kati. Umagoneka munthu."

"Mwaiona kuti yabooka?"

Anali ataiona. Sinabooke.

"Tiyeni kumudzi," anatero Lameki. "Titenge nkhuku, titape dothi pamanda a abambo, tikagwade kwa bambo aang'ono. Akathire dothilo m'dzenje muja, akwirire. N'zochepa, asisi."

"Tikagwade kuti talakwa chiyani? Ukanamira mumtsinje muja iwe, bokosi lili pamutu."

"Sindikuti munalakwa."

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Ndikuti ndikuopa."

Musaone ngati Felesiya anali wouma mtima. Atatsala yekha anaziyeza zonse, mbali ndi mbali, monga amayezera waya. Akapita kumudzi sataya kanthu koma ulemu wa tsiku limodzi. A Yotamu nawo anali ndi chifukwa: anachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Koma kugwada kunali kuvomera kuti anawataya bambo ake, pamene iye ndiye anawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza miyezi isanu ndi umodzi, akumudzi osabwera ngakhale kamodzi.

Kenako linamufikira ganizo lina, ndipo limeneli ndi limene linamuwononga. Ndani wina ankadziwa mfundo ya a Mkwanda? Lameki. Ndani akanakhala ndi kiyi wachiwiri? Lameki. Ndani kuyambira February ankafuna kuti apite kumudzi? Matope munthu atha kubwera nawo m'jumbo. Mayileji alipo anyamata amawasintha ndi kompyuta. Zonse zinagwirizana, kupatula tayala la m'shedi ndi munthu wa khasu, ndipo zimenezo anazikankhira pambali.

Mkwiyo unamupepukira kuposa mantha. Anati mumtima, ngati ndi masewera, ndimuonetsa kuti sindinyengeka.

Pali chinthu chimodzi chimene Felesiya ankanyoza amakaniko anzake akachita. Vuto likawakanika, ena amatsegula dashibodi n'kuchotsa kababu ka cheki, kuti mwini galimoto aone mdima n'kuyesa kuti yachira. Iye ankati kumeneko n'kutseka pakamwa mwana wodwala. Madzulo amenewo anamasula dashibodi, nazula kababuko, n'kukaponya m'thumba la ovolosi. Kawaya kaja sanakakhudzenso.

Lameki anafika Loweruka m'mawa. Anali ndi mafelemu a zitseko oti akatule ku Namitete, njira ya ku Mchinji, kumene sikuyang'anana n'komwe ndi ku Dedza.

"Yatheka," anatero Felesiya, akumupatsa makiyi.

Lameki analiza injini n'kuyang'ana dashibodi. Panalibe kanyali.

"Munapeza?"

"Ndinapeza."

"Ndiye si abambo?"

"Ndi waya, Lameki."

Mnyamatayo anatsamira chiwongolero n'kuseka, misozi ikulengeza. Anaseka ngati munthu amene wamasulidwa goli. "Ndinasiya kugona, asisi. Alamu anu Enelesi amati ndapenga. Mulungu akudalitseni."

Pamenepo Felesiya anadziwa kuti si Lameki ankamanga mfundo zija. Munthu wochita masewera sasangalala choncho masewera ake akalephereka. Anatsegula pakamwa. Kababu kanali m'thumba, chala chake chikukakhudza. Koma kuti anene, anayenera kunena zonse: kuti ananama, kuti anachita chimene amanyoza, kuti mayi wa mawaya wa ku Biwi wagonja. A Sikelo anali chapafupi, akumva. Anaganiza kuti Namitete ndi pafupi, ndi masana, akabwerako adzamuuza madzulo.

"Uyende bwino," anatero.

Pikapu inatuluka pageti. Pamsewu, Lameki anayenera kukhotera kumanja. Anakhoteradi kumanja, koma indiketa inkaphethira kumanzere.

Felesiya anabwerera m'shedi n'kuona kakhadi kaja patebulo. 18, 40, 63. Anali asanaganizepo kuti manambalawo akukwera ngati munthu amene tsiku lililonse akuyenda motalikirapo pa njira imodzi. Kuchoka ku Biwi kukafika kwa Kamphande ndi makilomita 71. Anaimba foni ya Lameki. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, naimbanso.

Foni yake inalira dzuwa lili pamutu. Anali a Yotamu, amene sanamuimbirepo kuyambira February. Mawu awo anali ang'ono.

"Felesiya, mwana wa achimwene. Pikapu yafika."

Amayi amene ankachokera kuchigayo ndi amene anaiona ikudutsa m'mudzi, pang'onopang'ono ngati galimoto ya maliro, indiketa ikuphethira. Wina anati munali anthu awiri. Wina anati mmodzi. Sinaime pabwalo. Inatsata kanjira ka kumanda mpaka pamene mitengo imayambira, n'kuzima. Mafelemu a zitseko anali kumbuyo, omangidwa bwino. Lameki anali pampando wake, maso otseka, manja ali pamiyendo osati pachiwongolero. Achipatala anati mwina mtima, mwina utsi. Sananene motsimikiza.

Felesiya atafika, a Yotamu sanamukalipire. Anamutengera kumanda. Dzenje lija linali pomwepo, lophimbidwa ndi nthambi zouma, dothi lofiira lili mulu pambali. Ngakhale kunali chilimwe, pansi pake panali madzi. Pafupi ndi mulu panagona thunthu la nthochi, lodulidwa kumene, masamba atayamba kufota.

"Ndinadula Lachinayi," anatero mkuluyo. "Adzukulu amandivutitsa, amati sakugona bwino. Ndinati basi, mwanayu sabwera, ndikwirire. Kenako ndinati ndidikire Lamulungu, mwina aimba." Anakhala pansi pa dothi lija, munthu wamkulu, n'kuphimba nkhope. "Masiku atatu okha, mwana wanga."

Felesiya anapisa m'thumba, nakhudza kababu kaja. Sanawauze. Mpaka lero sanamuuze Enelesi, mkazi wa Lameki, amene pamaliro anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Alamu, chokhacho chondilimbitsa mtima n'chakuti anachoka akusangalala. Anandiimbira kuti mwaikonza."

Mwa mwambo, Lameki anayenera kukaikidwa kwa amayi ake. Palibe anatchula zimenezo. Adzukulu anakapa madzi, Lameki anaikidwa m'dzenje lomwelo, ndipo linakwiriridwa.

Patapita sabata, Felesiya anaiyendetsa yekha pikapu ija kubwerera ku Biwi. Sinanjenjemere, sinakokere kumanzere. Atafika anamasula dashibodi n'kubwezera kababu. Anapotoza kiyi. Kanyali kanayaka kamphindi, monga kamayenera, injini n'kulira, iko n'kuzima. Anagona chagada n'kuwalitsa tochi kuseri kwa kabokosi. Kawaya kofiirira kunalibe. Ngakhale chipsera pa waya panalibe.

Analumikiza kamakina kake. Kanafufuza, kanafufuza, kenako kanalemba kuti palibe vuto lililonse.

Anakazimitsa n'kuyesanso. Anakwawira pansi kufuna bowo pa ekizozi, ngakhale laling'ono ngati la singano. Anasenda mtolo wonse wa mawaya kachiwiri. Ankafuna khodi imodzi yokha, waya mmodzi wopsa, chinthu choti achigwire m'manja n'kunena kuti ichi ndicho chinapha mlongo wanga, ndipo chikanamupha ngakhale ndikananena zoona. A Sikelo anamupeza dzuwa likulowa, zala zikutuluka magazi.

"Mayi Mkwanda, siyani. Galimotoyi ilibe vuto."

"Ndikudziwa," anatero.

Ntchito akugwirabe, ndipo amene mumapita ndi magalimoto anu mukudziwa kuti palibe womuposa. Koma Loweruka lililonse m'mawa, asanatsegule shedi, amanyamula batire kupita pansi pa keshya paja. Amalimanga, n'kulumikiza kamakina, n'kukhala pampando wa Lameki akudikira. A Sikelo amati akamamuona amatembenukira kukhoma, chifukwa amadziwa chimene kamakinako kalembe, ndipo amadziwa kuti mayiyo ayesanso kachiwiri asanatsike.